Ndangogwira miyezi 7 ku leba, ndisiye ntchito kapena ndichepetse mashifiti?

Funso lomwe lafika ndi ili, ndalifupikitsa pang'ono: "Amayi, ndine namwino mzamba, ndinamaliza dipuloma chaka chatha ndipo ino ndi ntchito yanga yoyamba, pa chipatala china cha mishoni kumudzi. Ndagwira miyezi 7, ndikadali pa probeshoni. Anandiika ku leba, wodi yoberekera. Naiti timalowa 5 koloko madzulo kutuluka cha m'ma 8 m'mawa, nthawi zambiri ndimakhala ndekha ndi wothandizira m'modzi, ndipo masiku anga a ofu amangondilemba lokamu (shifiti yowonjezera yolipidwa padera) osandifunsa. Mwezi watha mwana anamwalira pa shifiti yanga, chichokereni tsiku limenelo sindigona bwino, ndikangovala yunifolomu mtima umathamanga. Mnzanga akuti pa kiliniki ina ya pulaiveti mutauni akufuna nesi wa masiku atatu pa sabata. Mayi anga akuti ndikasiya ndine wosayamika poti anzanga angokhala pakhomo opanda ntchito. Ndisiye, kapena pali njira yochepetsera maola?"

Mng'ono wanga, pepa kwambiri ndi za mwanayo. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa iwe waziika pakati pa kalata ngati nkhani yongodutsa pomwe ine ndikuona kuti mpamene pagona nkhani yonse. Maganizo anga ndikuuziretu, usalembe kalata yosiya ntchito mwezi uno. Chimene usiye panopa ndi lokamu, kenako upemphe kuchoka kaye ku leba kapena kuti naiti usamakhale wekha, ndipo zimenezi zikakanika nde uchoke ndithu, koma uchokere pakhomo ndi kalata m'manja osati kungosowa.

Kusagona kumeneko ndi mtima wothamanga ukaona yunifolomu si ulesi ayi, komanso sizikutanthauza kuti unamwino sukukuyenera. Munthu amene wapopera mwana ndi ambu bagi (chipangizo chomuthandizira kupuma) usiku ali yekha, mayi akumuyang'ana, gadiyani akusuzumira pakhomo, kenako mwanayo osadzuka, thupi lake limasunga zimenezo. Vuto lake m'zipatala zathu zambiri imfa ikachitika pamabwera oditi, msonkhano wounika mmene imfayo inachitikira, anthu amatsegula fayilo, kuyang'ana patogilafu (pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera), kufunsa kuti mtima wa mwana unamvetsera nthawi yanji, kilinishani unamuyitana nthawi yanji, basi msonkhano watha aliyense pa ntchito yake. Mzambayo palibe amene amamufunsa kuti nanga iwe uli bwanji. Oditi cholinga chake n'kupeza pamene dongosolo linaphonya osati kupeza munthu womukhomera, ndipo mzamba wa miyezi 6 kusiyidwa yekha ku leba usiku wonse ndiko kuphonya kwa dongosolo kumene. Ndiye peza mzamba wamkulu amene umamukhulupirira, olo wa chipatala china kapena amene anakuphunzitsa ku koleji, mukhale pansi mudutse nkhaniyo ola ndi ola. Mwina mupeza kuti mayiyo anafika mochedwa mwana atatopa kale, mwina mupeza pena pamene ukanachita mosiyana, zonsezo ndi bwino kuzidziwa kusiyana n'kumangozibwereza m'mutu 2 koloko usiku uli wekha. Ndipo ngati kusagonako kwadutsa mwezi, chakudya sichikulowa, ukumangolira, pita ukaonane ndi kilinishani kapena nesi wa za maganizo, pa chipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu funsa akulozera, komanso a St John of God, amene amathandiza pa za maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati akumakufikira maganizo odzivulaza, zimenezo sizidikira mawa, uza munthu lero lomwe. Ndikulimbikira chonchi chifukwa chinthu ichi ukapanda kuchisamala udzapita nacho ku kiliniki ya mutauniyo, sichitsalira ku leba.

Palinso china choti udziwe chokhudza mwezi umene uliwu. Namwino wina wa ku Canada, Judy Duchscher, anatsatira anamwino ongoyamba kumene m'chaka chawo choyamba ndipo anaona kuti miyezi itatu kapena inayi yoyamba munthu amangothamanga kuti ntchito ithe, osapeza mpata woganiza, koma cha m'mwezi wachisanu mpaka wa 7 mpamene ambiri amagwa mphwayi, kuyamba kudzikayikira, kumaona ngati anasankha ntchito yolakwika. Ambiri chikamakwana chaka amayamba kupepukidwa. Ine zimenezi ndaziona pa ana ambiri amene ndawalandira mu wodi. Kusukulu unaphunzira kusamala mayi m'modzi bwinobwino, kumvetsera mwana mphindi 30 zilizonse, kulemba zonse, nde ukufika pa ntchito ukupeza amayi anayi akubuula nthawi imodzi, wina akutaya magazi, magetsi azima, ambulasi ilibe mafuta. Kusiyana kumeneko kumapweteka kwambiri amene amaikonda ntchitoyi. Koma usandimve ngati ndikuti pirira basi zidzatha, ayi. Pali kutopa kwa munthu watsopano kumene kumatha kokha, palinso kutopa kobwera ndi rosita yoipa, kumeneko sikutha mpaka rositayo itasintha.

Tsono za maola. Ndikuuze zoona, kuno kwathu pa malo okhazikika a boma kapena a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) nkhani yoti ndizigwira theka la sabata ndizilandira theka la malipiro sikwenikweni kuti imachitika, malowo analembedwa ngati a munthu wogwira sabata yathunthu ndipo ukakapempha zimenezo mwina angokudabwa. Ndiye kuchepetsa maola kwa iwe kukutanthauza chinthu chimodzi, kubwerera pa maola amene unasainira. Lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma maola 24. Opitirira apo ndi ovataimu, ndipo lamulolo limati ovataimu wamba alipidwe kamodzi ndi theka, wa tsiku la ofu kapena holide kawiri. Tenga kope ulembe mashifiti onse a mwezi watha, nthawi yolowa ndi yotuluka yeniyeni osati ya pa rosita. Naiti imodzi yako ndi maola pafupifupi 15, zinayi zokha ndi 60 kale, usanaphatikize lokamu.

Lokamu inabwera chifukwa cha kuchepa kwa anthu m'zipatala, kuti amene ali pa ofu kapena pa tchuthi azitha kutseka mpata n'kupezapo kangachepe. Ndi yodzipereka wekha, si gawo la ntchito yako, ndipo kulembedwa osafunsidwa si chilungamo olo uli pa probeshoni. Ndikudziwa chimene chimachitika, watsopano ndi amene amaopa kukana, alibe mwana pakhomo, amakhala nyumba ya pafupi ndi chipatala, nde dzina lake ndi limene limafulumira kulowa pa mpata uliwonse. Koma taganiza izi. Kafukufuku wina wa ku Australia wa 1997 anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 manja ndi maso ake amachedwa ngati wa munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 zimaipiraipira. Iwe ndi amene ukusakaniza magnesium sulphate, ukuwerengera madontho a oxytocin mu dripu, ukusoka mayi atang'ambika. Tsiku limene dozi idzalakwike, ku Nurses and Midwives Council of Malawi adzayitana dzina limene lasainidwa mu fayilo, lomwe ndi lako, ndipo laisensi imene idzakhale pa chiswe ndi yako. Kukana lokamu uli wotopa ndi mbali ya kusamala wodwala.

Pokana sipofunika mkangano. Pita kwa a inchaji, oyang'anira wodi yanu, rosita ya mwezi wamawa isanatuluke, osati tsiku limene akulemba kale, uwauze mwaulemu kuti kwa miyezi itatu ikubwerayi sutenga lokamu chifukwa thupi silili bwino, kapena ngati ukuona kuti ungakwanitse, uzitenga ziwiri pa mwezi zimene wasankha wekha. Konzekera kuti ena akwiya, ena ayamba zoti ife m'nthawi yathu tinkagwira sabata yonse ya naiti osadandaula. Asiye alankhule. Mbali imene ikhale yovuta kwenikweni ndi ya ndalama, chifukwa ngati ya lokamu inalowa kale mu bajeti, mwina ukulipirira mng'ono wako fizi kapena uli mu banki nkhonde, uyenera kukhala pansi ndi cholembera uone chimene chidulidwe. Ndipo chonde usatseke mpatawo ndi katapila, ndaona anamwino ambiri akulephera kukana shifiti iliyonse chifukwa cha ngongole.

Kenako kaonane ndi a matironi, koma udutsire kwa a inchaji kaye kuti asadzamve ngati wawalumpha. Pempha nthawi yokhala pansi, osawagwira pa kolido akuthamangira ku miting'i. Tenga kope lija la maola. Ukangolowa n'kunena kuti ndatopa, yankho lake ndi loti tonse tatopa, nkhani yathera pomwepo. Koma ukanena kuti mwezi watha ndagwira maola akutiakuti, naiti zakutizakuti ndinali ndekha, mwana anamwalira ndipo sindinachire, ndikupempha mundisinthe wodi kwa miyezi itatu ndipite ku sikelo ya amayi oyembekezera kapena ku wodi ya amayi obereka kale, ndipo ndikadzabwerera ku leba naiti ndizikhala ndi mzamba wina kapena pakhale wamkulu wodziwika woti ndimuyimbire n'kubweradi, apo wawapatsa chinthu choti achite nacho. Matironi woganiza bwino amadziwa kuti ukachoka mpata wako utha kukhala miyezi yambiri wopanda munthu, nde kukusintha wodi n'kotchipa kwa iye kusiyana n'kukutaya. Mukatha kukambirana lemba kalata yachidule yobwereza zimene mwagwirizana, yokhala ndi deti, imodzi upereke ina usunge. Ngati uli membala wa NONM, bungwe lathu la anamwino ndi azamba, mudziwitse amene amaliyimira kumeneko, ndalama imene umadulidwa mwezi ndi mwezi ntchito yake ndi imeneyi. Ndipo dziikire malire, tinene miyezi iwiri kapena itatu, kuti ikadzatha udzaone ngati chilipo chasintha, osangoyembekezera mpaka kalekale.

Za kiliniki ya mutauni ija, sindikuinyoza, zilipo za pulaiveti zabwino ndithu. Koma panopa zimene uli nazo ndi mawu a mnzako, si ntchito. Usasiye chilichonse usanagwire kalata yokulemba ntchito. Funsa ngati masiku atatuwo ndi kontirakiti yolembedwa kapena ndi lokamu yomwe ija yongosintha malo, yoti sabata imene odwala achepa amakuuza kuti usabwere. Funsa ngati pali penshoni, poti lamulo limati bwana aziika 10 peresenti iwe 5 peresenti. Funsa ngati kilinikiyo ili m'kaundula, komanso ngati pamakhala dokotala kapena kilinishani nthawi zonse, chifukwa pena nesi amapezeka ndi yemweyo wolemba mankhwala, wogulitsa mankhwala, wobaya jakisoni, zinthu zina zopitirira zimene laisensi yake imalola, ndipo kwa munthu wa miyezi 7 kumeneko n'kukhalanso wekha kwa mtundu wina. Uwerengerenso lendi ya mutauni, minibasi tsiku ndi tsiku, madzi ndi magetsi, makamaka ngati panopa ukukhala nyumba ya chipatala.

Uganizirenso chimene ukusiya. M'zipatala za CHAM malipiro a ogwira ntchito za umoyo ambiri amachokera kuboma, nde ngati dzina lako lili pa peyirolo imeneyo, ukachoka kubwereranso si nkhani ya lero ndi mawa, uyenera kudikira kuti alengeze malo, ma intavyu, mzere wa anthu omwe amayi akunenawo. Ma NGO amalipira bwino koma ndi ma kontirakiti a pulojekiti, ndipo tonse tinaona mu 2025 thandizo la ku America litaimitsidwa mmene anthu a zaumoyo ambiri anakhalira pakhomo mwadzidzidzi. Ngati ukulota zokapitiriza sukulu kuti ukhale rejisitadi (namwino wa giredi yapamwamba), kaya ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) kaya ku Mzuni, mapulogalamu okwezera oterewa nthawi zambiri amafuna kuti ukhale utagwira ntchito zaka ziwiri ndipo amafuna kalata yochokera komwe ukugwira. Olo za kunja zimene achinyamata ambiri amandifunsa, Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko amene akusowa kwambiri ogwira ntchito za umoyo, nde a ku UK saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno, munthu amafunsira yekha, ndipo kulikonse kumene ungafunsire adzafuna mbiri yoyera kuchokera ku khonsolo ya anamwino ija ndi kwa amene anakulembapo ntchito. Chaka chathunthu pa malo amodzi chimalemera pa CV kuposa miyezi 7, ndipo iwe watsala ndi miyezi isanu yokha.

Koma ndisakunamize kuti kukhala ndi kwabwino nthawi zonse. Zilipo zifukwa zoti ine ndemwe ndingakuuze kuti nyamuka. Ngati wapempha mwaulemu, walemba, miyezi yadutsa ndipo ukadali wekha ku leba usiku. Ngati akukuuza kuti usinthe zolemba mu fayilo kapena usainire zimene sunachite. Ngati pali wamkulu amene akukufuna zachisembwere kapena kukuopseza ndi probeshoni yako. Ngati amene akukuona kuchipatala wanena kuti thanzi lako silingapirire. Apo palibe CV imene ingafanane ndi moyo wako kapena laisensi yako, ndipo kuchoka pa chipatala chimodzi si kusiya unamwino. Ndikudziwa azamba abwino kwambiri amene ntchito yawo yoyamba sinawayendere, anakakhazikika pa yachiwiri.

Ukafika poti ukuchokadi, yamba wawerenga kalata imene anakulembera ntchito ndi malamulo a pa chipatalapo. Mwa lamulo probeshoni siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo mkati mwa probeshoni mbali iliyonse itha kuthetsa ntchito popanda notisi. Ukadutsa probeshoni, munthu wolandira pa mwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo akapanda kutero amayenera kulipira ndalama ya mweziwo. Koma ine ndikuti olo lamulo likukulola kuchoka mawa, pereka mwezi. Rosita inatuluka kale, ukasowa Lolemba amene atseke naiti zako ndi mnzako wotopa ngati iwe yemwe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza, ndipo unamwino wa ku Malawi kuno ndi mudzi waung'ono, matironi amene wamuthawa lero ukamupeza pa tebulo la intavyu kapena mnzake wa m'kalasi ndi amene adzamuyimbire foni kufunsa za iwe. Kalatayo ikhale yaifupi, deti, kuthokoza, tsiku lomaliza kugwira ntchito, basi. Madandaulo usawaikemo, amenewo ali kale m'makalata ena aja, ndipo pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la anzako a kukoleji usalembe za chipatalacho, makamaka za wodwala aliyense.

Ufufuzenso ngati uli pa bondi. Ngati fizi anakulipirira ndi chipatala, mpingo, boma kapena bungwe lina, mwina unasainira kuti udzagwira zaka zakutizakuti, ndipo ukachoka msanga atha kukuitanitsa ndalama. Ambiri anasaina ali chaka choyamba osawerenga n'komwe, nde pepalalo ulipeze. Tsiku lomaliza upange handova yolembedwa, makiyi, kabati ya mankhwala, buku la mankhwala a ululu a pethidine muwerengere limodzi ndi amene akulandira ndipo nonse musaine, chifukwa chikadzasowa chinthu iwe utapita dzina losavuta kutchula ndi la amene kulibe. Pempha satifiketi yosonyeza kuti unagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti, lamulo limakupatsa ufulu umenewo, komanso kalata ya umboni kwa a matironi ukadali pomwepo nkhope akuikumbukira. Masiku a tchuthi amene sunatenge ayenera kukulipira. Za ndalama ya severance, imene amalandira wochotsedwa ntchito, usayembekezere, wosiya yekha salandira, koma ya penshoni imene inadulidwa siitayika, tenga nambala yako ya membala kuti idzapitirire kumene ukupita. Pakavuta pa za malipiro, ofesi yoona za ntchito (Labour Office) ya m'boma lanu ndi poyambira. Ndipo kaya ukhala pakhomo miyezi ingapo, laisensi usailekerere kutha, pitiriza kulipira ndi kusonkhanitsa mapointi a CPD, a maphunziro owonjezera amene amafunika pa laisensi.

Amayi usawakwiyire. Iwo akuona fizi imene inavuta kupeza, akuona ana a anzawo ali ndi madipuloma koma akugulitsa kaunjika, ndipo mantha awo ndi oona. Kungoti sanayimepo ku leba 3 koloko usiku, nde mawu oti ndatopa kwa iwo akumveka ngati kutopa kwa kumunda koti ukagona kutha. Ukapita kumudzi pa ofu ikubwerayi, imene tsopano ikhale ofu yeniyeni, khala nawo pansi uwafotokozere usiku umodzi wonse mmene umayendera, amayi angati, iwe wekha, ndi zimene zinachitika mwezi watha osatchula dzina la munthu. Uwauze kuti ntchito sukusiya panopa, koma ndalama imene umatumiza itsika kwa miyezi ingapo chifukwa lokamu waimitsa, ndipo uwauze chiwerengero chenicheni kuti nawonso akonzekere. Ngati kuyankhula nawo wekha kukuvuta, tenga azakhali kapena amalume amene amawamvera akhale nawo pa zokambiranazo.